KUCHEPETSA KUTENTHA M'NYUMBA ZAKALE ZA MALATA KU MULANJE

Mwezi wa Okutobala ukafika, anthu ambiri a m'boma la Mulanje amene ali ndi nyumba za malata amatuluka m'nyumba zawo masana nakakhala pansi pa mitengo ya mango. Usiku ana amalephera kugona, nkhalamba ndi amayi apakati amavutika, ndipo m'masukulu ana amaodzera dzuwa likafika pamutu. Ku Nkando, ku Chonde, ku Limbuli ndi ku Muloza dandaulo lake ndi lomwelo. Munthu anasunga ndalama zaka zambiri kuti agule malata, ndipo anachita bwino, pakuti malata sapsa ndi moto, ndiponso safuna kufolera chaka ndi chaka. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Pamodzi ndi malatawo kunabwera kutentha kumene denga la udzu linalibe.

Sikofunika kugwetsa nyumba yotere kapena kuchotsa malata ake. Nyumba yakale itha kukonzedwa kuti izizire, ndipo zipangizo zambiri za ntchitoyi zimapezeka m'mudzi momwemo. Chachikulu ndi kudziwa pamene kutentha kumalowera, ndi kuyambira pomwepo.

Kutentha kumalowera pa denga

Ku Mulanje dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni kumayambiriro a mwezi wa Novembala ndiponso kumayambiriro a Febuluwale. Chotero m'nyengo yotentha mphamvu yaikulu ya dzuwa imagwera pa denga. Lata ndi chitsulo chopyapyala, ndipo chitsulo sichiletsa kutentha kupyola. Lata lakale la dzimbiri litakhala padzuwa litha kutentha kupitirira madigiri 60 a Celsius, kotero kuti munthu sangaikepo dzanja. Tsono latalo limawamba anthu a m'nyumba monga momwe makala a moto amawambira munthu wokhala pafupi nawo, ngakhale sanawakhudze.

Denga la udzu silitero ayi. Udzu ndi wochindikala, ndipo pakati pake pali mpweya wambiri wosayenda. Mpweya wosayenda ndiwo umachedwetsa kutentha, ndiponso ndiwo umachititsa bulangete kukhala lofunda. Omanga nyumba zakale za m'minda ya tiyi, imene inayamba ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, anafolera nyumba zambiri ndi malata, koma anamanga makoma aatali, naika siling'i ndi khonde lalikulu. Nyumba zambiri za m'midzi zinatenga malata okha, zinthu zinazi zinatsala.

Ntchito yoyamba ndiyo siling'i

Siling'i imaima pakati pa lata lotentha ndi anthu okhala m'chipinda. Amene ali ndi ndalama atha kugula siling'i ya mabolodi kusitolo, koma ya nsungwi, ya bango kapena ya mphasa imagwiranso ntchito bwino. Mwini nyumba ayenera kudula nsungwi zokhwima m'nyengo ya chilimwe, naziviika m'madzi oyenda kwa milungu ingapo. Madzi amachotsa chakudya chimene tizilombo timatsata m'nsungwi, ndipo nsungwi zoviikidwa sizifumbwa msanga. Zikauma azing'ambe, naziluke zothinana, nazikhomere pa mitanda yopingasa pamwamba pa makoma.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kusamala. Choyamba, siling'i isakhudze malata. Payenera kutsala mpata pakati pake, ndipo mpata waukulu ndiwo wabwino. Chachiwiri, mpweya wotentha wa mumpatamo uyenera kukhala ndi potulukira. Mpweya ukatentha umakwera m'mwamba, chotero mmisiri achotse njerwa ziwiri kapena zitatu pansonga pa makoma awiri osongoka a m'mbali mwa nyumba, kuti mphepo izilowa uku nituluka uko. Mabowowo atsekedwe ndi waya wa sefa kuti mileme, makoswe ndi udzudzu zisalowe.

M'masitolo a zomangira muli pepala lonyezimira loyala pansi pa malata. Pepalalo limabweza kutentha ngati mbali yake yonyezimira yayang'ana mpata wa mpweya. Nthawi yabwino yoliika ndi pamene malata achotsedwa kuti asinthe mitengo yodyedwa ndi chiswe. Munthu wosakhoza kukonza nyumba yonse chaka chimodzi ayambe ndi chipinda chogona ana.

Ntchito yachiwiri ndiyo kuyeretsa denga

Aliyense adziwa kuti malaya akuda amatentha padzuwa koposa malaya oyera. Denga nalonso ndi chimodzimodzi. Lata la dzimbiri kapena la penti wakuda limamwa mphamvu yambiri ya dzuwa, pamene lata loyera limabweza yambiri kumwamba isanalowe m'nyumba. Mumzinda wa Ahmedabad ku India, kumene anthu ambiri anafa ndi kutentha m'chaka cha 2010, akuluakulu a mzindawo anayamba m'chaka cha 2017 kupaka laimu pa madenga a anthu osauka, ndipo njira imeneyi yafalikira ku mizinda ina ya dzikolo.

Mwini nyumba ayambe wapala dzimbiri, natsuka malata ndi madzi, nakhoma misomali yonse yogwedera. Malata akauma apake penti woyera wa pa denga kawiri. Laimu ndi wotsika mtengo, koma sakhalitsa kuno, pakuti malo ena a kumwera kwa phiri la Mulanje amalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka. Wogwiritsa ntchito laimu ayenera kupakanso chaka chilichonse m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, kutentha kusanafike. Pokwera pa denga munthu aponde pamene pali misomali, chifukwa pansi pake ndi pamene pali mtengo, ndipo agwire ntchitoyi m'mawa malata asanatenthe.

Ntchito yachitatu ndiyo njira ya mphepo

Nyumba zambiri zakale zili ndi timazenera tating'ono kutsogolo kokha, ndipo tina tinatsekedwa ndi njerwa poopa akuba. Mphepo siilowa m'chipinda chimene ilibe potulukira. Chipinda chilichonse chifunika mipata iwiri yoyang'anizana, wina m'munsi wolowetsa mpweya wozizira ndi wina pamwamba wotulutsa mpweya wotentha. Njerwa zamabowo zoikidwa pamwamba pa zenera ndi pa chitseko zimathandiza ngakhale usiku zitseko zitatsekedwa.

Pano mpofunika nzeru, pakuti udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga. M'midzi yozungulira nkhalango ya Majete ku Chikwawa anthu anaphunzitsidwa kutseka mpata umenewu ndi njerwa ndi matope, ndi kuika waya wa sefa pa mazenera. Mpatawo utsekedwe ndithu, koma wotseka asaiwale kuboola potulukira mpweya ndi kuikapo sefa. Kutseka ponseponse kumasandutsa nyumba kukhala uvuni, ndipo anthu akamva kutentha amataya masikito nakagona panja pamene pali udzudzu.

Makoma a njerwa kapena a zidina amasunga kutentha kwa masana nakutulutsa usiku. Chifukwa chake pa masiku otentha kwambiri nkwabwino kutseka makatani a mbali ya dzuwa masana, ndi kutsekula mazenera onse a sefa madzulo mpaka m'mawa kuti makoma azizire.

Ntchito yachinayi ndiyo mthunzi

Makoma amene amavutika ndi dzuwa ndiwo a kum'mawa ndi a kumadzulo, makamaka la kumadzulo, limene limapsa kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kulowa. Khonde la mbali imeneyo, ngakhale lofolera ndi udzu, limachotsa vuto lalikulu. Limatetezanso khoma ku mvula yowomba. Khoma lopakidwa laimu kunja limazizira koposa la njerwa zofiira.

Mitengo ya mapeyala ndi mango imakula bwino ku Mulanje, ndipo imapatsa mthunzi pamodzi ndi zipatso. Ibzalidwe kumadzulo kwa nyumba, patali mamita 5 kapena kuposapo, kuti mizu isang'ambe maziko ndi nthambi zisagwere denga. Podikira kuti mitengo ikule, nthochi zimapatsa mthunzi m'chaka chimodzi. Mitengo ya bulugamu isabzalidwe pafupi ndi nyumba. Pabwalo pa kapinga sipatentha monga pabwalo pa simenti kapena pa dothi losesedwa.

Phindu lake silili m'nyengo yotentha yokha

Anthu a ku Mulanje adziwa kuzizira kwa Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chimaphimba phiri masiku angapo. Lata limene limalowetsa kutentha mu Okutobala ndi lomwelo limene limatulutsa kufunda kwa m'nyumba mu Juni. Siling'i imasunga kufundako m'chipinda, chotero banja silitha nkhuni ndi makala ambiri poothera moto. Imaletsanso madontho a mame ogwa kuchokera ku malata m'mamawa, nichepetsa phokoso la mvula.

Amene ali ndi magetsi a ESCOM ku Boma ndi ku Chitakale, kapena magetsi a bungwe la MEGA ochokera mumtsinje wa Lichenya ku Bondo, nawonso amapindula. Fani yozungulira m'chipinda chopanda siling'i imangotakasa mpweya wotentha, ndipo firiji ya m'chipinda chotentha imalira nthawi yaitali nimaliza mayunitsi msanga. Ndalama za siling'i zimatuluka kamodzi, koma za magetsi ndi makala zimatuluka mwezi ndi mwezi.

Zoyenera kuchenjera nazo

Siling'i ya nsungwi, bango kapena mphasa isaikidwe m'khitchini kapena pamwamba pa malo osonkhapo moto. Ngati m'nyumba muli mawaya a magetsi, aitanidwe mmisiri wa magetsi wovomerezeka kuti awaike m'mapaipi siling'i isanakhomedwe.

Mbaula ya makala isasiyidwe m'chipinda chotseka usiku. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo chipinda cha siling'i chimasunga mpweyawo koposa chipinda chopanda siling'i.

Nyumba zina zakale za Boma ndi za m'minda ya tiyi zili ndi madenga a asibesitosi. Madenga amenewa asapalidwe, asachekedwe ndiponso asabooledwe, chifukwa fumbi lake limayambitsa nthenda zoopsa za m'mapapo patapita zaka.

Namondwe wa Freddy, amene anagwetsa nyumba zambiri ku Mulanje ndi ku Phalombe m'mwezi wa Malichi 2023, anaonetsa kufooka kwa makoma ndi madenga ambiri. Siling'i ikhale yopepuka, isakhale ya dothi pa khoma long'aluka, ndipo isanakhomedwe mitengo ya denga imangidwe ku khoma ndi waya wolimba. Mitengo ya ntchitoyi isakhale ya mkungudza wa m'phiri. Mtengo umenewu unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi m'chaka cha 1984, watsala pang'ono kutha, ndipo kuudula nkulakwira lamulo.

Mawu kwa aphunzitsi ndi mafumu

Mphunzitsi atha kuonetsa ana zonsezi popanda buku. Atenge zidutswa ziwiri za lata lakale, china achipake laimu, china achisiye ndi dzimbiri lake, naziike padzuwa ola limodzi. Ana akakhudza zonse ziwiri mosamala adzamva okha kusiyana kwake, ndipo adzakafotokozera makolo awo. Komiti ya sukulu itha kuyamba ndi kalasi imodzi, makamaka ya ana aang'ono, kuti anthu a m'mudzi adzaone ndi maso.

Mafumu nawo athandize posonkhanitsa anthu kuti adule nsungwi, aluke ndi kukhoma mothandizana, nyumba ndi nyumba, poyamba za nkhalamba ndi za odwala. Mutu umodzi susenza denga. Nsungwi zidulidwe mu Juni, ziviikidwe mu Julayi, siling'i ikhomedwe mu Ogasiti, denga lipakidwe mu Seputembala, ndipo mitengo ya mthunzi ibzalidwe mvula yoyamba ikagwa. Ofuna mbande ndi malangizo apite kwa mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa m'dera lawo, ndipo za sefa ndi udzudzu afunse alangizi a zaumoyo pachipatala chapafupi.