Wa besi ndiye wagwira chiwongolero mu jazi

Bandi ya jazi ikakwera pansanja, maso a anthu amathamangira kwa wa sakisofoni kapena wa lipenga, ndipo m'manja amawombera omwewo. Kumbuyo, pafupi ndi wa ng'oma, kumaima munthu atakumbatira chibesi cha nsambo zinayi, chachitali ngati iye mwini, akuchikodola ndi m'mbali mwa chala chamkombaphala mpaka matuza kusanduka zikang'a. Ameneyu ndiye wagwira chiwongolero. Pa kugunda kulikonse amaponda liwu limodzi, anayianayi, ngati wapaulendo wosapumira panjira, n'chifukwa chake oimba amati walking bass, besi yoyenda. Mawuwo salembedwa papepala. Amawapeka pomwepo, khutu lili kwa amene akuimba yekha kutsogolo, diso lili pa dzanja la wa ng'oma, ndipo liwu lililonse liyenera kuuza anzake pamene nyimbo yafika ndi kumene ikulowera. Akathamanga pang'ono chabe, bandi yonse imathamanga naye.

Ena angati izi n'zokokomeza, poti nthawi amasunga ndi wa ng'oma ndipo makodi amapereka ndi wa piyano. Koma taonani zimene oimba eni ake anachita. Mu 1952 Gerry Mulligan anapanga gulu la anthu anayi lopanda piyano, muli Chet Baker. Mu 1957 Sonny Rollins anajambula chimbale cha Way Out West ali atatu okha, iye, wa ng'oma ndi Ray Brown pa besi. Brown yemweyo anaimba zaka zingapo ndi Oscar Peterson komanso wa gitala Herb Ellis popanda ng'oma n'komwe. Piyano inachotsedwa, ng'oma inachotsedwa, besi inatsala. Inde, magulu a ogani ngati la Jimmy Smith analibe wa besi, komatu Smith ankadziimbira yekha mawu a pansiwo pa ogani yomweyo. Munthu anasowa, ntchito yake sinasowe. Ngakhale mabandi athu a m'misewu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake babatoni wa chingwe chimodzi sasiyidwa kunyumba.

Dandaulo lina n'loti wa besi ndi wantchito chabe, alibe chonena chakechake. Jimmy Blanton analithetsa kale. Atalowa mu bandi ya Duke Ellington mu 1939, anayamba kuimba besi ngati lipenga, ndipo anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1942 ali ndi zaka 23 zokha. Scott LaFaro anapitiriza: pa 25 June 1961, ku Village Vanguard mumzinda wa New York, besi yake inkayankhana ndi piyano ya Bill Evans ngati anthu awiri akucheza pakhonde. Masiku 11 pambuyo pake LaFaro anafa pangozi ya galimoto.

Mukafuna umboni wa m'makutu mwanu, mverani So What ya Miles Davis, ya mu 1959. Woyambitsa mutu wa nyimbo ndi Paul Chambers pa besi, ndipo piyano ndi malipenga ndi amene akuvomera.