KUTSUKA MAKINA OZIZIRITSA MPWEYA M'GALIMOTO

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuŵa likamaswa mtengo, eni galimoto ambiri amathamangira ku galaja kukapempha kuti awathirire gasi m'makina oziziritsa mpweya. Komatu gasi akatha msanga ndiye kuti pena pake pakudontha, ndipo kungothira wina kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Chiwalo chachikulu cha makinawa ndi kompuresa, imene imapopa gasi pamodzi ndi mafuta ake kuzungulira m'mapaipi. Kompuresa ikaonongeka imanyenyeka mkati, ndipo tizidutswa tachitsulo timamwazika m'njira monse. Makaniki amene angomanga kompuresa yatsopano osatsuka mapaipi ataya ndalama za mwini galimoto, pakuti tizitsulo tija timabwerera ndi kukapha yatsopanoyo.

Ntchito yolongosoka imayamba ndi kukoka gasi wotsala ndi kumsunga m'botolo, osamtayira mumlengalenga. Gasi wakale wa R-12 adamsiya potsatira pangano la ku Montreal la 1987, chifukwa ankaononga ozoni, mpweya wakumwamba umene umatchinga ukali wa dzuŵa. R-134a, amene adaloŵa m'malo mwake m'zaka za m'ma 1990, amathandizira kutentha kwa dziko, motero galimoto zambiri zatsopano zimabwera ndi R-1234yf. Mitundu imeneyi saisakaniza.

Kenaka makaniki amamasula mapaipi, kuwatsuka limodzilimodzi ndi mankhwala ake apadera, ndi kuwaumitsa ndi mpweya wouma. Mankhwalawo saloŵetsa mu kompuresa. Kabotolo koyamwa chinyontho amakasintha, chimodzimodzinso valavu imene imapima gasi. Kondensa yamakono, yomwe imakhala kutsogolo kwa rediyeta, ili ndi timipata tating'ono kwambiri tosatsukika bwino, choncho nayonso amaika ina.

Akamanga zonse ndi timphira tatsopano, amathira mafuta oyenera ndi kulumikiza pampu yokoka mpweya kwa mphindi zosachepera 30. Apa ndi pamene akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinyontho chikatsala chimaundana pa valavu ndi kutseka njira, mwinanso chimasakanikirana ndi mafuta ndi kusanduka asidi wodya zitsulo. Potsiriza amathira gasi pa sikelo, molingana ndi magalamu olembedwa pa kachikwangwani ka pansi pa boneti.

Mwini galimoto nayenso ali ndi udindo wake. Ayenera kuyatsa makinawa kwa mphindi 10 sabata iliyonse, ngakhale m'chisanu cha mwezi wa Juni, kuti mafuta azifika pa timphira tija, tingaume ndi kung'aluka.