Tiger mu zodzikongoletsera za ku India

Tiger ndi chilombo chachikulu kuposa zonse za m'gulu la amphaka, ndipo m'tchire chimapezeka ku Asia kokha. Anthu ambiri olankhula Chichewa amangochitcha kambuku kapena nyalugwe, koma izi ndi nyama zosiyana: nyalugwe ndi wa mawangamawanga pomwe tiger ndi wa mizeremizere. Ku India nyamayi yakhala ikupezeka mu zodzikongoletsera m'njira ziwiri, pogwiritsa ntchito ziwalo zake zenizeni komanso pojambula chithunzi chake ndi manja.

Zikhadabo ndi mano

Kuyambira kale, m'madera ambiri a India makolo ankaveka ana mkanda wokhala ndi zikhadabo za tiger ngati chithumwa chowateteza ku zoipa. M'nthawi ya atsamunda a ku Britain, kupha tiger kunasanduka masewera a mafumu ndi akuluakulu a boma, ndipo zikhadabo ankazikuta ndi golide n'kuzitumiza kwa abale ku Ulaya ngati ndolo, mikanda ndi mapini a pamalaya. Mu 1911 gulu la mfumu George V linapha matiger 39 pa ulendo umodzi wokha wokasaka ku Nepal.

Akatswiri amati kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 padziko lonse panali matiger pafupifupi 100,000. Pofika mu 2010 anatsala pafupifupi 3,200. Aku Bali, aku Java ndi a kufupi ndi nyanja ya Caspian anatheratu. India inakhazikitsa lamulo loteteza nyama zakutchire mu 1972, ndipo mu 1973 boma la Indira Gandhi linayambitsa Project Tiger ndi nkhalango 9 zotetezedwa. Pangano la CITES limaletsa malonda a ziwalo za tiger pakati pa mayiko, komabe zikhadabo ndi mano zimagulitsidwabe mozemba.

Zojambula pamanja

Luso lodziwika kwambiri lokongoletsa golide ndi siliva ndi mitundu limatchedwa meenakari, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Jaipur m'chigawo cha Rajasthan. Chibangili chimodzi chimadutsa m'manja mwa amisiri angapo. Wina amasula chitsulo, wina amagoba timizere ta chithunzi, kenako wachitatu amathira m'timizeremo galasi lopera ngati ufa losakaniza ndi madzi n'kuwotcha mu ng'anjo. Mitundu saiwotcha yonse nthawi imodzi. Amayamba ndi yopirira moto kwambiri, monga woyera, ndipo wofiira umakhala womaliza. Akalakwitsa pa moto womalizawo, ntchito ya masiku ambiri imawonongeka. Ku Varanasi amisiri amajambula ndi kaburashi kakang'ono pamwamba pa mtundu woyera, makamaka maluwa a pinki.

Zithunzi zofala ndi maluwa, mbalame, njovu ndi tiger. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri zimakhala kuseri kwa mkanda, mbali yokhudza khungu, moti amaziona ndi mwini wake yekha. Pa zinthu zina zakale tiger ankamujambula akusakidwa ndi alenje. 

Ubale wake ndi kuteteza tiger

Ndolo yojambulidwa siifuna kuti nyama ife, koma payokha siiteteza tiger. Ogulitsa ena amalonjeza kupereka gawo la phindu ku ntchito yoteteza nyama, ndipo wogula sangatsimikize izi mosavuta. Phindu looneka limakhalapo pamene ndalama zikufika kwa anthu okhala pafupi ndi nkhalango, amene ziweto zawo zimagwidwa ndi matiger. Pafupi ndi nkhalango ya Ranthambore, bungwe la Dastkar Ranthambore limathandiza amayi, kuphatikizapo a m'midzi yomwe inasamutsidwa m'nkhalangomo, kupeza ndalama kudzera mu ntchito zamanja zogulitsa kwa alendo.

M'nkhalango ya Sariska, ku Rajasthan komweko, opha nyama mozemba anamaliza matiger onse pofika mu 2005, ndipo mu 2008 boma linayamba kubweretsako ena kuchokera ku Ranthambore. Kalembera wa 2022 anaonetsa kuti ku India kuli matiger pafupifupi 3,682, omwe ndi ochuluka kuposa a dziko lina lililonse.