Kamtsikana kamene kamameza 's'

Sabata yomaliza ya Seputembala, pamene dziko lonse lapansi limakumbukira anthu osamva, inatipeza m'kachipinda ka chipatala china ku New York. Pampando panali kamtsikana ka zaka zinayi, tsitsi lomangidwa pawiri, kuseri kwa khutu kuli kachipangizo kothandiza kumva ka cochlear implant kamene amayi ake anakamata tizithunzi ta agulugufe. Kwawo amayankhula Chisipanishi cha ku Dominican Republic.

Woyeza anaphimba pakamwa pake kuti mwanayo asaone milomo, n'kuyamba kutchula maliwu 6 oyezera kumva: m, u, a, i, sh ndi s. Kakamva, kamtsikanako kankaponya chidole m'ndowa, n'kucheukira agogo ake kuti akaombere m'manja. Akachedwa, kankawakoka diresi. Kenako woyezayo anakaonetsa chithunzi cha amphaka awiri. "Do gato," kanatero, m'malo mwa "dos gatos". Woyeza anangogwira cholembera, osalemba kanthu.

Mkangano wa akatswiri wagona pomwepa. Liwu la s ndi laling'ono, lapamwamba, ndipo limakhala m'gulu la oyamba kusowa kwa mwana wosamva bwino. Ena akuti mwana akalisiya alembedwe kuti walakwa, chifukwa kumulekerera kungabise vuto la chipangizo chosachunidwa bwino, miyezi n'kumapita. Anzawo akuti ayi: anthu ambiri a ku Caribbean amameza s wa kumapeto kwa mawu. Agogowa makutu awo ndi akuthwa, koma nawonso amati "do gato". Kumuchotsera malikisi mwanayo ndi kumulanga chifukwa chomvetsera bwino akuluakulu a pakhomo.

Mbali yachiwiriyi ikumveka, ngakhale mantha a oyambawo si achabe. Pofuna kutsimikiza, woyeza uja anatulutsa chithunzi cha dzuwa, "sol", pamene s amakhala koyamba ndipo samezedwa. Liwulo linatuluka lomveka bwino.

Mayeso ambiri otere anapangidwa m'Chingerezi, ndipo kungowamasulira sikuthandiza. Chisipanishi chili ndi mavawelo 5 okha, monga Chichewa, komanso mawu a silabo imodzi ndi ochepa, choncho mindandanda ya mawu oyezera imapangidwa mwatsopano. Komatu yopangidwa ku Madrid siyenda bwinobwino ku Santo Domingo.

Ku United States anthu oposa 40 miliyoni amayankhula Chisipanishi pakhomo, koma oyeza odziwa chiyankhulochi ndi ochepa. Pabenchi yodikirira, mnyamata wina wapulayimale ankawerengera bambo ake kalata ya dokotala, akudumpha mawu amene ankamuvuta.