Mtima Wolimba pa Maseŵera

Mukadutsa m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe nthaŵi ya chilimwe, mupeza anyamata akugwetsana pamchenga. Ku Golomoti nako abusa a ng'ombe amachita chimodzimodzi, ng'ombe zikagona pamthunzi. Mwina inu bambo munkachita nawo muli mwana.

Tsiku lina taimani muonerere. Mnyamata wina akagwetsedwa amadzuka maso ali psu, n'kutola mwala. Wina akagwetsedwa amasasa mchenga, n'kuseka, n'kunena kuti, "Tiyenso." Kodi wolimba mtima ndi uti pamenepa? Ambiri timaopa woyamba uja. Koma amene adzapite patali pa maseŵera ndi wachiŵiriyo.

Kulimba mtima si ukali ayi. Munthu waukali saganiza. Amawononga mphamvu zake zonse poyambirira, kenaka mpweya umamuthera. Kulimba mtima ndiko kudzigwira pamene thupi likuŵaŵa, pamene anthu akukuseka, ndiponso pamene wagonja.

Ku maiko ena kugwetsana ndi maseŵera aakulu, a malamulo ake. Pa mpikisano wa Olympics anthu aŵiri amalimbana mphindi 3, napuma theka la mphindi, nalimbananso mphindi 3. Mwina mukuti, "Mphindi 6 zokha basi?" Tayesani kukankhana ndi mnzanu wofanana naye msinkhu mphindi 6, muone mmene miyendo injenjemerere. Pa mphindi yachisanu onse aŵiri amakhala atatopa. Amene amapambana ndi amene adazoloŵeza mtima wake kusathaŵa kutopa.

Kuno kwathu maseŵera amene adatibweretsera ulemu kale ndi ankhonya. M'chaka cha 1970 Tatu Chionga adapata mendulo pa maseŵera a Commonwealth ku Edinburgh. Mu 1986 Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe adapatanso mamendulo mu mzinda womwewo.

Koma nkhani imene ndifuna muisunge ndi ya mtsikana, Anisha Basheel. Iye atayamba nkhonya zolipidwa, adagonja kasanu motsatizana. Taŵerengani ndi zala: kamodzi, kaŵiri, katatu, kanayi, kasanu. Dzanja lonse latha! Mukadakhala inu mayi ake, mukadamuuza chiyani? Ine ndiganiza kuti ambiri a ife tikadati, "Mwanawe, zaleka izi, ukungodzivulaza." Anisha sadaleke. Adabwerera kukakonzekera, nayamba kupambana. Mu 2018 adapita ku London, nagonjetsa Sam Smith mu ndime yoyamba yomwe, natenga lamba wa Commonwealth. Chaka chotsatira adagonjanso kwa Chantelle Cameron ku England komweko. Maseŵera ali choncho, lero iwe, maŵa mnzako.

Winanso ndi Mwai Kumwenda wa ku Mzimba, katswiri wa mpira wamanja. Mu 2018, akuseŵera ku Australia, mtsempha wa m'bondo udaduka. Adamuchita opaleshoni, nakhala miyezi yambiri osaseŵera. Miyezi yotere ndi yoŵaŵa kuposa mpikisano. Palibe wokuimbira m'manja. Umangopinda bondo ndi kuliwongola, tsiku ndi tsiku, monga wauzira dokotala. Mu 2020 timu yake ya Melbourne Vixens idatenga chikho, ndipo iye adasankhidwa kukhala woseŵera bwino koposa pa tsiku lomalizalo.

Tsono mtima wotere umachokera kuti? Munthu sabadwa nawo. Umaumbidwa pang'onopang'ono, monga mbiya. Ndipo umaumbidwa kunyumba, m'zinthu zazing'ono zimene inu makolo mumaziona.

Tiyambe ndi kudzuka. Kuno kuchigwa dzuŵa la Okutobala si loseŵera nalo. Mwana wofuna kuthamanga adzuke m'mamaŵa, tambala atangolira, athamange kusanatenthe. Ayambe ndi mtunda waufupi, aziwonjeza pang'ono sabata iliyonse. Asathamangire kukwera zitunda za ku Khwekhwelere tsiku loyamba kuti anzake amutame. Wotero amagona masiku atatu, n'kulekeratu. Chofunika si kuthamanga kwambiri tsiku limodzi, koma kudzukanso maŵa lake, ngakhale tulo tikukoma, ngakhale palibe womuona. Pa sabata apume tsiku limodzi, chifukwa thupi limalimba likapuma. Amwe madzi abwino asanayambe ndiponso akamaliza. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, ndiye kuti madzi achepa m'thupi.

Za chakudya musavutike nazo mtima. Zonse zili pakhomo: nsima kapena mpunga, usipa, nyemba, nsinjiro m'ndiwo zamasamba, nthochi ndi mango. Chachikulu asapite kokonzekera ndi njala tsiku lonse, ndipo usiku agone msanga.

Pali adani aŵiri amene atimalizira anyamata ambiri: kachasu ndi chamba. Ena amati chamba chimachotsa mantha. Inde, chimachotsa mantha, koma chimachotsanso nzeru. Utsi wake umafupikitsa mpweya. Ndaona anyamata amene ankathamanga ngati gwape ali ndi zaka 16, koma pofika zaka 20 akungokhala pa siteji ya basi, kusimba za kale. Pamenepa ndiye poyesera kudzigwira kwenikweni. Kukana mnzako amene wakupatsa botolo, anthu akukuyang'ana, n'kovuta kuposa kugwetsa munthu pamchenga.

Tinenenso za mankhwala, pakuti tonse tidziŵa kuti zimachitika. Timu ikagonja, anthu amati, "Anzathu aja anakhwima, anakwirira kanthu pagolo." Ndiye ndalama zogulira mpira zimapita kwa sing'anga. Choipa chake n'chakuti mwana wokhulupirira chithumwa safunsa pamene adalakwitsa. Akapambana amatama chithumwa. Akagonja amaloza mfiti. Iye mwini saphunzirapo kanthu. Mwana wanu akagonja, mufunseni modekha kuti, "Unatopa nthaŵi yanji? Mnzako uja anakupeza bwanji?" Mayankho a mafunso ameneŵa ndi amene adzamuthandize ulendo wina.

Koma tisasokoneze kulimba mtima ndi kuuma mutu. Mwana amene thupi latentha ndi malungo asathamange, apite kuchipatala. Amene akukodza magazi angakhale ali ndi likodzo, matenda ofala kuno kufupi ndi nyanja ndi m'minda ya mpunga. Likodzo limatha magazi, ndipo mwana amatopa msanga. Ena amamunena kuti ndi waulesi, chonsecho akudwala. Mankhwala ake alipo kuchipatala. Chimodzimodzi amene wamenyetsa mutu pansi n'kuchita chizungulire, kapena kusanza, aleke pomwepo, akamuone adokotala. Kubisa ululu wotere si chamuna ayi.

Inu makolo, mawu anu ndi olemera kuposa a mphunzitsi wa maseŵera. Mwana akabwera atagonja, musamulandire ndi chipongwe. Akabwera atapambana, musamuleke adzikweze mpaka kukana kukatunga madzi kapena kupita kumunda. Amene alemekeza woimbira maseŵera, napatsa moni mnzake amene wamugwetsa, amayambira kulemekeza akulu pakhomo. Ndipo sukulu asasiye. Mwa ana onse othamanga pa bwalo la sukulu ku Mtakataka, ndi oŵerengeka okha amene adzadye za maseŵera. Bondo lingathe kuthyoka tsiku lililonse.

Mwana wamkazi nayenso mpatseni mpata. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa adakulira ku Rumphi, ndipo adayamba mpira wamiyendo anthu ambiri akuuyesa wa anyamata okha. Mu 2024 Temwa adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America, kuposa wina aliyense m'mbuyo monsemo. Ngati mwana wanu wamkazi afuna kuthamanga m'mamaŵa, musamukanize. Mupezereni anzake kapena mlongo wake woti azipita naye, ndipo ntchito za pakhomo muwagaŵire onse mofanana, kuti naye apeze nthaŵi.