Za Coyesera Kutentha kwa Thupi

Mwana akadwala malungo, kutentha kwa thupi lace kumakwera pang'onopang'ono, monga madzi a mumtsinje pa dzinja. Koma coyesera camagetsi ca kucipatala cidziwa manambala okha. Nanga cicita bwanji?

Kunsonga kwace kuli kanthu kakang'ono kamene kasintha mphamvu ya magetsi monga mwa kutenthako. Pamenepo makina ayesa mphamvuyo kawirikawiri, monga munthu aviika m'madzi ndodo yokhala ndi mizere, nawerenga mzere woyandikira. Mzere uliwonse uli ndi nambala yace, yolembedwa ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1. Zizindikiro 8 zondondozana zikwanira mizere 256.

Mizere ikatalikirana, malungo ongoyamba kumene saoneka ai. Ikayandikana, namwino awerenga 38.5, nathandiza mwanayo msanga.