Nthochi Yopirira Chisanu ya M'minda ya ku Ulaya

Nthochi ndi mbewu ya kumalo otentha. Imakula bwino kutentha kukakhala pafupifupi madigiri 27, ndipo kukazizira kufika pa madigiri 14 kukula kwake kumaima. Komabe m'minda ya pakhomo ku Britain, Germany ndi kumpoto kwa United States, kumene madzi amaundana m'nyengo yozizira, mumapezeka nthochi zobiriwira zotalika mamita 3 kapena kuposerapo. Alimi a kumadera okwera, amene masamba a nthochi zawo amawauka ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi, angafune kudziwa kuti zimenezi zimatheka bwanji.

Mtundu umene umabzalidwa kwambiri kumeneko ndi Musa basjoo. Kwawo kwenikweni ndi ku China, koma unatchukira ku Japan, kumene mlakatuli Matsuo Bashō anatenga dzina lake kuchokera ku nthochi yotere imene inabzalidwa pafupi ndi kanyumba kake. Ku Britain unafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Mphamvu ya nthochiyi ili pansi pa nthaka. Chimene anthu amachitcha thunthu la nthochi si mtengo ayi, koma makoko a masamba okutirana, odzaza ndi madzi. Madziwo akaundana, thunthulo limafewa n'kuwola. Tsinde lenileni ndi chitsa cha m'nthaka, chimene chimatulutsa mizu ndi ana a nthochi. Chitsa cha Musa basjoo chikaphimbiridwa bwino chimapirira kuzizira kwa madigiri 10 pansi pa ziro, ndipo ngakhale zonse za pamwamba zitafa, chimaphukanso nyengo yofunda ikabwerera.

Ntchito yaikulu ya mwini munda, motero, imagwirika chisanu chikamayamba, cha mu Okutobala kapena Novembala. Amadula masamba onse, kuzinga thunthu ndi waya wonga wa khola la nkhuku, n'kudzaza udzu wouma pakati pa wayayo ndi thunthu. Pamwamba amavindikirapo kuti mvula isalowe, koma m'mbali amasiya mpata wodutsa mpweya, chifukwa chinyezi chotsekeredwa chimawoletsa nthochi msanga kuposa kuzizira kumene. Pansi amaunjikapo masamba ouma kapena manyowa. Zofundazi amazichotsa cha mu Epulo kapena Meyi. Ena safuna zovuta zonsezi: amalisiya thunthu kuti life, n'kuphimbira chitsa chokha. Otero nthochi zawo zimakhala zazifupi ndipo kawirikawiri sizichita maluwa, popeza duwa limatuluka pa thunthu limene lapulumuka nyengo zozizira zingapo.

Chodabwitsa n'chakuti khama lonseli silibweretsa chakudya. Zipatso za Musa basjoo n'zazing'ono, zodzaza ndi njere zolimba, ndipo sizidyedwa. Anthu amaibzala pofuna masamba ake aakulu okongoletsa pakhomo basi. Nthochi zodyedwa, monga Cavendish, kumeneko zimakula m'nyumba zagalasi zofunditsidwa. Dzina la Cavendish lenilenilo linachokera ku banja la eni nyumba ya Chatsworth ku England, kumene Joseph Paxton anailima m'nyumba yotere m'zaka za m'ma 1830. Nthochi ya Williams, imene alimi ambiri m'Malawi amaidziwa, ndi ya m'gulu lomweli.

Choncho mlimi wa kumalo ozizira asakopeke ndi mawu akuti "yopirira chisanu" n'kuyamba kufunafuna mbewuyi: siingamupatse mkoko wogulitsa kapena wodya pakhomo. Ndiponso kutenga mbewu ya nthochi kumalo osadziwika ndi njira imodzi imene matenda a chisaka, amene anawononga minda yambiri ku Thyolo ndi Mulanje, amafalira.

Chimene angatengerepo ndi kasamalidwe kake. Chisanu cha kumapiri a m'Malawi n'chochepa poyerekeza ndi cha ku Ulaya, ndipo nthawi zambiri chimangowaula masamba. Kuphimbira phando ndi udzu kapena mapesi mvula ikangotha kumateteza chitsa ndi ana a nthochi, komanso kumasunga chinyezi. Malo obzalapo nawonso ndi ofunika: mpweya wozizira umatsikira m'zigwa ndi m'madambo usiku, choncho nthochi ya pamalo otsetsereka pang'ono, otetezeka ku mphepo, siwauka ngati ya m'chigwa. Masamba owauka ndi bwino kuwasiya pa thunthu mpaka kuzizira kutatha, chifukwa amatchinjiriza tsamba latsopano limene likutuluka pakati.